MPANGANKHANI WOSAGONJETSEKA: KODI NKHANI YAKE IMAKOMA?

Wophunzira, mwina unalowapo m'nyumba ya kanema pa Nsaru kapena pa Namitete n'kuonera filimu ya munthu wouluka pamwamba pa mzinda, amene zipolopolo sizimulowa. Nkhani zotere zilinso m'mabuku. Matsenga ake sachitikira kudambwe kapena m'nkhalango ayi, koma m'tauni momwe muli magalimoto, masitolo ndi apolisi. M'phunziro lino tiona m'mene ungaweruzire mwininkhani wa mphamvu zopyola muyeso.

Gwero la kukoma kwa nkhani

Nkhani iliyonse imayenda chifukwa cha mkangano. Wowerenga amapitiriza kutsegula masamba chifukwa akuopa kuti mwininkhani agonja. Tsono ngati mlembi wapatsa mwininkhani mphamvu zonse, mantha aja amatha. Pampondachimera pamazizira poti mathero tawadziwa kale. Zili ngati mpira wa pa Mpingu womwe timu imodzi yaloledwa kugwira mpira ndi manja: ndani angaime padzuwa kuonerera?

N'chifukwa chake alembi aluso amasiyira ngwazi yawo chofooka. Superman, amene anayamba kutuluka m'mabuku a zithunzi m'chaka cha 1938, amafooka akayandikira mwala wotchedwa kryptonite. Harry Potter wa J.K. Rowling, yemwe buku lake loyamba linatuluka mu 1997, ndi mwana wamasiye ndipo sapambana popanda anzake, Ron ndi Hermione. M'buku la Akata Witch la Nnedi Okorafor la mu 2011, Sunny ndi mtsikana wachialubino wa ku Nigeria amene amanyozedwa kusukulu ngakhale ali ndi mphamvu zamatsenga.

Za kwathu konkuno

Makolo athu ankaidziwa mfundoyi. M'nthano ya Kachirambe, mnyamatayu ndi wodabwitsa chibadwire ndipo fisi amalephera kumugwira. Komatu amene analonjeza kumupereka kwa fisiyo ndi mayi ake omubereka. Choncho vuto lake lili m'nyumba momwe, pamene mphamvu sizithandiza kwenikweni.

Tsopano yerekeza ndi Nthondo wa m'buku la Samuel Josiah Nthara la mu 1933. Iyeyu alibe matsenga. Ndi mwana wosamva, wakuba, amene akuvutika pa ulendo wokafuna ntchito kunja, kenako akubwerera kwawo, kulowa ufumu ndi kutembenuka mtima. Timamukumbukira chifukwa akusintha. Mpangankhani amene wayamba ali wangwiro alibe koti asinthire.

Poyankha mayeso

Funso likati "fotokoza maganizo ako", ambiri mumangolemba kuti "ndimamukonda chifukwa ndi wamphamvu". Apa malikisi amathawa. Maganizo ndi ako ndithu, ndipo ukhoza kutsutsana nane. Ena amati ngwazi yosagonja imatonthoza mtima wa munthu woponderezedwa, ndipo mfundo imeneyi ndi yomveka. Chofunika ndi umboni. Dzifunse mafunso atatu awa:

1. Kodi mpangankhaniyu akufuna chiyani, nanga chikumupinga n'chiyani?
2. Kodi ataya chiyani akalephera?
3. Kodi pomaliza wasintha motani?

Ukatero, tchula mfundo yako, pereka chochitika cha m'buku chochitira umboni, kenako fotokoza kugwirizana kwake. Fisi akatola fupa sadyera pomwepo. Nawenso usathamangire kulemba usanasanthule funso.

Ntchito

(a) Tchula zofooka ziwiri za mwininkhani wa m'buku limodzi mwa mabuku amene mukuwerenga m'kalasi, ndipo fotokoza m'mene zikuyendetsera nkhani.

(b) Lemba ndime imodzi ya nkhani yopeka yochitikira pamsika wa Kabudula. Mwininkhani akhale ndi mphamvu imodzi yodabwitsa, koma nthawi iliyonse akaigwiritsa ntchito azitaya kanthu kena kamtengo wapatali.

(c) Kambiranani m'magulu: ndani akukuphunzitsani zambiri pakati pa Kachirambe ndi Nthondo? Perekani zifukwa.