Kulumikiza Ziganizo m'Chingerezi: Zolakwa za Ana a Sitandade 8 ndi Gwero Lake m'Galamala ya Chicheŵa

1. Mawu Oyamba

Mphunzitsi aliyense amene anachongako makope a Sitandade 8 anakumana nacho chiganizo chonga ichi:

(1) *The man whom I saw him is my uncle.

Mphunzitsi amadula "him" ndi inki yofiira, mwana n'kukonza, koma sabata isanathe cholakwa chomwecho chimatulukanso, ndipo osati m'kope la mwana mmodzi yekha. Cholinga cha nkhani ino ndicho kusonyeza kuti zolakwa zotere sizichokera ku ulesi kapena kusamva. Mwanayo akutsata malamulo ndithu, koma ndi malamulo a Chicheŵa amene waŵaveka mawu a Chingerezi.

Nkhaniyi si yaing'ono. M'Malaŵi, mayeso a PSLCE, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, ndiwo amagwiritsidwa ntchito posankha ana opita ku Fomu 1, ndipo kupatula phunziro la Chicheŵa, mafunso ake amakhala m'Chingerezi. Mwana amene sadziŵa mmene nthambi za chiganizo zimagwirirana amavutika ngakhale pa masamu ndi sayansi, popeza funso lenilenilo salimvetsa. M'zitsanzo zonse, nyenyezi (*) ikusonyeza chiganizo chosavomerezeka.

2. Njira Yolumikiza Ziganizo

Kupatsa ana ziganizo zifupizifupi kuti apange chiganizo chimodzi ndi ntchito yakale m'makalasi, koma inatchuka kwambiri ku America pambuyo pa kafukufuku wa John Mellon wa 1969 ndi wa Frank O'Hare wa 1973. O'Hare anasonyeza kuti ana angaphunzire kulemba ziganizo zokhwima mwa kuyeserera kulumikiza kokha, popanda kuloŵeza maina ndi matanthauzo a m'galamala.

Tisaiŵale, komabe, kuti ana amenewo Chingerezi anachita kuyamwira. Khutu lawo linali kuwauza kale chimene chikumveka bwino ndi chimene sichikumveka. Mwana wa ku Dedza kapena ku Mchinji nayenso ali nalo khutu lotero, koma ndi khutu la Chicheŵa. Tikamuuza kuti alumikize ziganizo ziŵiri za Chingerezi popanda chithandizo china, iye amafunsa khutu lakelo, ndipo limamuyankha molondola monga mwa chinenero chake. Pamenepa ndi pamene pagona vuto lonse.

3. Nthambi Yamfotokozi

3.1 Mloŵam'malo wotsalira

Tiyeni tiyerekeze ziganizo izi:

(2) a. Ndinamuona munthu. Munthuyo ndi malume anga.
b. Munthu amene ndinamuona ndi malume anga.
c. The man whom I saw is my uncle.

M'chiganizo (2b), kachigawo ka -mu- katsalabe m'kati mwa mneni ngakhale kuti "amene" waimira kale munthuyo. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, m'nkhani yawo ya 1987, anafotokoza kuti kachigawo kameneka si mgwirizanitsi wamba, koma ndi mloŵam'malo weniweni amene waphatikizidwa kwa mneni. Ngati zili choncho, mwana amene walemba "him" m'chitsanzo (1) wamasulira mokhulupirika: "amene" wasanduka "whom", ndipo -mu- wasanduka "him". Chimene sanauzidwe ndi chakuti Chingerezi chovomerezeka chimasiya mpata wopanda kanthu pamalo pamene Chicheŵa chimaikapo mloŵam'malo.

Mpofunika kuzindikira kuti pa zinthu zopanda moyo Chicheŵa chimalola zonse ziŵiri: "buku limene ndinagula" ndiponso "buku limene ndinaligula". Ichi ndi chida kwa mphunzitsi, pakuti "buku limene ndinagula" ndi chiganizo cha Chicheŵa chokhala ndi mpata wofanana ndi wa m'Chingerezi. Ndi bwino kuyambira pa zitsanzo zotere, kenaka n'kufika pa za anthu.

3.2 Umwini

(3) a. Mnyamata amene njinga yake inabedwa akulira.
b. *The boy who his bicycle was stolen is crying.
c. The boy whose bicycle was stolen is crying.

Chicheŵa chimagwiritsa ntchito mawu aŵiri otalikirana, "amene" ndi "yake", pamene Chingerezi chawapinda kukhala liwu limodzi lokha, "whose". Mwana akaona pa bolodi kuti "who" ndi "his" zikakumana zimabala "whose", lamuloli salifunanso kuloŵeza.

3.3 Kusankha pakati pa "who" ndi "which"

Chingerezi chimagaŵa maina paŵiri: anthu ndi zinthu. Chicheŵa chimatsata magulu a maina, ndipo magulu ameneŵa salabadira malire a Chingerezi. Timati "galu amene", "fodya amene", "katundu amene", ngakhale kuti zonsezi si anthu. Timatinso "mfumu imene" ndi "chitsiru chimene", ngakhale kuti aŵa ndi anthu. Choncho mphunzitsi amene amaphunzitsa mwachidule kuti "amene" ndi "who" ndipo "chimene" ndi "which" akudzala yekha zolakwa zonga *"the tobacco who" ndi *"the chief which". Funso loyenera kuzoloŵeza ana ndi lakuti: kodi dzinali likunena munthu kapena ayi?

3.4 Aperekezi

(4) a. Mpeni umene ndinadulira nyama wasoŵa.
b. *The knife which I cut the meat is lost.
c. The knife with which I cut the meat is lost.

M'chiganizo (4a) mulibe mperekezi. Ntchito yake yagwiridwa ndi -ir- wa m'mneni "dulira". Mwana amafufuza liwu lomasulira kukhala "with", salipeza, ndipo amalemba (4b). Pamene Chicheŵa chili naye mperekezi, monga mu "munthu amene ndinapita naye", cholakwa chimakhala china: *"the man whom I went with him", chifukwa "naye" ndi mperekezi ndi mloŵam'malo pamodzi.

4. Alumikizi

4.1 "Ngakhale ... koma"

(5) a. Ngakhale anadwala, koma analemba mayeso.
b. *Although she was ill, but she wrote the examination.

M'Chicheŵa alumikizi aŵiriŵa amayendera limodzi popanda chovuta. M'Chingerezi mpofunika kusankha mmodzi: "although" kapena "but".

4.2 Mneni wotsatira

(6) a. Mayi anapita kumsika n'kugula nsomba n'kubwerera kunyumba.
b. *Mother went to the market and buy fish and return home.
c. Mother went to the market, bought fish and returned home.

Posimba zinthu zochitika motsatizana, Chicheŵa chimasonyeza nthaŵi pa mneni woyamba yekha. Aneni otsatira amangotenga n'ku-. Chingerezi chimafuna kuti mneni aliyense asenze yekha chizindikiro cha nthaŵi. Cholakwa ichi chimawononga kwambiri chimangirizo, popeza nkhani yosimba imadzaza ndi aneni otsatizana.

4.3 "Kwambiri moti"

(7) a. Tiyi watentha kwambiri moti sindingamwe.
b. *The tea is too hot that I cannot drink it.
c. The tea is so hot that I cannot drink it.
d. The tea is too hot for me to drink.

Liwu limodzi la "kwambiri" limagwira ntchito ya "very", "so" ndi "too", ndipo mwana amasakaniza mutu wa (7d) ndi mchira wa (7c). Taonaninso kuti "it" akufunika mu (7c) koma palibe mu (7d). Ichi chikutichenjeza kuti tisauze ana kuti mloŵam'malo amachotsedwa paliponse polumikiza.

4.4 "Pokhapokha"

(8) a. Udzakhoza pokhapokha utalimbikira.
b. You will pass unless you work hard.
c. You will not pass unless you work hard.

Chitsanzo (8b) chilibe nyenyezi, chifukwa kalembedwe kake ndi kolondola. Cholakwika ndi tanthauzo, limene latembenuka kotheratu. Mwana amene anaphunzira kuti "unless" ndi "pokhapokha" sangaone vuto lililonse. Kumasulira kotetezeka ndi kwakuti "ngati si-": sudzakhoza ngati sulimbikira. Mwa zolakwa zonse, ichi ndicho choopsa pa mafunso osankha yankho, pakuti yankho lolakwika limamveka bwino lomwe.

5. Zoyenera Kuchita Mphunzitsi

Choyamba, phunziro liyambe ndi Chicheŵa. Ana alumikize pakamwa ziganizo ziŵiri m'chinenero chawo. Zimenezi amachita mosavuta, ndipo amazindikira kuti luso lolumikiza ali nalo kale.

Chachiŵiri, bolodi ligaŵidwe pakati, Chicheŵa uku, Chingerezi uku, liwu lililonse moyang'anizana ndi linzake. Ana okha apeze liwu lopanda mnzake, monga -mu- kapena "koma", ndipo mmodzi wa iwo apite kukalidula ndi choko.

Chachitatu, mtundu umodzi wa kulumikiza ukhale phunziro lakelake. Kusakaniza "who", "whose", "although" ndi "unless" pa ntchito imodzi kuchitike pokhapokha mitundu yonse itamveka payokhapayokha.

Chachinayi, ana aphunzirenso kuphwasula. Apatsidwe chiganizo chachitali chochokera m'buku la sayansi kapena m'funso la masamu kuti achigaŵe m'ziganizo zazifupi. Luso limeneli ndilo limathandiza mwana kumvetsa funso m'chipinda cha mayeso.

Chachisanu, zophunzirazo zithere m'zolemba za mwanayo. Atenge chimangirizo kapena kalata imene analemba yekha, apezemo ziganizo zoyenera kulumikizidwa, n'kuzilembanso. Mapepala a mayeso akale ndi othandiza poyesa ngati mwana wamvetsa, koma saphunzitsa chifukwa chimene yankho lina lilili lolakwika.

6. Mathero

Sitikunena kuti cholakwa chilichonse chimachokera ku Chicheŵa. Maganizo a Robert Lado a 1957, akuti kuyerekeza zinenero kungalosere mavuto a wophunzira, anapezeka pambuyo pake kuti safotokoza zonse, ndipo mloŵam'malo wotsalira amapezekanso mwa ophunzira Chingerezi a zinenero zina zambiri. Sitikuiŵalanso kuti ana ambiri kwawo amayankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena. Mphunzitsi wa ana otere ayese zitsanzo zili pamwambazi m'chinenero cha ana ake asanazigwiritse ntchito. Aphunzitsi a Chinyanja m'Chigaŵo cha Kum'maŵa ku Zambia angazitenge pafupifupi monga zilili.

Kuyambira pamene Chicheŵa chinakhazikitsidwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, ndondomeko ya chiyankhulo chophunzitsira yasinthapo kangapo, ndipo Lamulo la Maphunziro la 2013 linaika Chingerezi pamalo amenewo. Koma lamulo limanena za chimene mphunzitsi ayankhule. Silichotsa galamala imene mwana anabwera nayo kuchokera kwawo. Mwana amene walemba "whom I saw him" wasonyeza kuti amadziŵa kupanga nthambi yamfotokozi, ndipo chomutsalira ndi kuona pamene zinenero ziŵirizi zasiyanira njira. Mphunzitsi amene amusonyeza mphambano imeneyo sadzafunika kudula "him" yemweyo sabata ndi sabata mpaka tsiku la mayeso.