Phunziro: Dzina la pa Chikalata ndi Dzina Lodzisankhira

Chaka ndi chaka ana athu amapita kusukulu za ukachenjede, ndipo ena akabwera kutchuthi timamva anzawo akuwaitana ndi dzina limene makolo awo sakulidziwa. Amene anabatizidwa kuti Perpetua akuti tsopano ndi Chisomo. Amene kwawo ndi Mavuto akufuna kutchedwa Yosefe. Makolo amadandaula, ndipo akatekisiti amafunsidwa kuti: kodi mwanayu wachimwa? Kodi wataya ubatizo wake? Tiyeni tiione bwino nkhaniyi.

I. Kulandira dzina latsopano si chachilendo

Makolo athu sankakhala ndi dzina limodzi moyo wawo wonse. Mwana akatuluka kuchinamwali ankapatsidwa dzina lina, ndipo kumutchulabe dzina laubwana kunali chipongwe. Mayi timamulemekeza ndi mfunda wake, Naphiri kapena Nabanda, ndipo wolowa ufumu amalowanso dzina. M'Malembo Oyera, Abramu anasanduka Abrahamu, ndipo Ambuye Yezu anatcha Simoni kuti Petulo. M'chaka cha 533 wansembe wina wa ku Roma, dzina lake Mercurius, atasankhidwa kukhala Papa, anaona kuti sikoyenera kukhala pa mpando wa Petulo ndi dzina la mulungu wachikunja, nadzitcha Yohane Wachiwiri. Mwambo umenewu ulipobe: mu 2025 Robert Prevost anatenga dzina lakuti Leo XIV.

II. Zimene Eklezia amaphunzitsa

Malamulo a Eklezia a 1917 ankafuna kuti wobatizidwa aliyense akhale ndi dzina lachikhristu. Malamulo a 1983, amene tikutsata lero, amangolamula makolo, mboni za ubatizo ndi bambo mfumu kuti asapereke dzina lotsutsana ndi mtima wachikhristu. Tsono Chisomo, Chikondi ndi Madalitso ndi maina oyenera ndithu. Ndiponso kuyambira 1964, pamene Papa Paulo VI analengeza kuti amaritiri a ku Uganda ndi oyera, maina a ku Africa monga Kizito ndi Lwanga ali m'gulu la maina a oyera.

Dziwaninso kuti chizindikiro cha ubatizo chili pamzimu, ndipo palibe cholembera chimene chingachifafanize. Mwana amene waleka kutchedwa Perpetua akadali mwana wa Mulungu, ndipo nkhoswe yake yakumwamba siinaleke kumupempherera.

III. Kusukulu ya ukachenjede

Mlembi wotchuka wa ku Nigeria, Chinua Achebe, anabatizidwa kuti Albert. Ali pa koleji ya ku Ibadan, kumene analowa mu 1948, anasiya dzina la Chingerezilo nasunga la kwawo. Masiku ano mayunivesite ambiri a ku Britain ndi ku America amalola wophunzira kulembetsa dzina limene afuna kuti aphunzitsi ndi anzake azimuitanira, pamene pa nkhani za ndalama ndi za boma amasungabe dzina lalamulo.

Apa mpamene ana athu ayenera kuchenjera. Dzina la pakamwa ndi lina, la pa chikalata ndi lina. Dzina lolembedwa pa satifiketi ya MSCE, pa chiphaso cha unzika, pa pasipoti ndi pa digiri liyenera kukhala limodzi, malembedwe ake osasiyana ngakhale chilembo chimodzi. Amene alemba mayeso ndi dzina lodzipatsa yekha adzavutika pofuna ntchito, pakuti olemba ntchito adzaganiza kuti zikalatazo ndi za anthu awiri. Chakudza sichiimba ng'oma. Vuto lomweli limafika ndi kuparishi: mnyamata akabwera kudzalembetsa ukwati, wansembe amafunafuna m'buku la ubatizo dzina limene mulibemo. Amene afuna kusintha dzina kotheratu atsate njira ya malamulo a dziko, kenaka adziwitse sukulu yake ndi parishi kumene anabatizidwa. Wansembe safafaniza dzina loyamba m'bukumo, koma amalemba latsopano pambali.

IV. Funso lenileni: chifukwa chiyani?

Tchimo silili m'dzina, lili m'cholinga cha mtima. Ana ena anapatsidwa maina a chisoni monga Maliro kapena Mavuto, chifukwa anabadwa nthawi ya misozi. Mwana wotere akapempha dzina lina, sananyoze makolo ake. Wangotula katundu amene sanamusankhe. Wina amafuna kulemekeza chilankhulo chake kapena gogo wake, ndipo ichi nchabwino. Munthu wotere timuitane monga wapemphera, pakuti kuumirira dzina limene limamupweteka, kapena kumuseka nalo, nkulakwira chikondi.

Koma amene asintha dzina kuti athawe ngongole, kuti alembere mnzake mayeso, kapena kuti abise banja limene analisiya kumudzi, akuphwanya lamulo lachisanu ndi chitatu loletsa bodza. Amene ataya dzina chifukwa chochita manyazi ndi umphawi wa makolo amene anagulitsa mbuzi kuti iye aphunzire, akulakwira lamulo lachinayi. Ndipo amene abisa dzina la ubatizo kuti anzake asadziwe kuti ndi Mkhristu, akumbukire Petulo pabwalo la mkulu wa ansembe usiku uja.

Inu ana, musanasinthe dzina, khalani pansi ndi makolo anu ndi amalume anu, muwafotokozere mwaulemu. Inu makolo, yambani mwamva chifukwa chake musanakalipe. Ndipo potcha ana anu maina, kumbukirani kuti chisoni chanu chidzatha, koma mwanayo adzayenda ndi dzinalo mpaka imvi.

Mafunso a m'miphakati

1. Kodi kusintha dzina kumachotsa ubatizo? Fotokozani.
2. Tchulani zikalata zimene ziyenera kukhala ndi dzina limodzi.
3. Ndi zolinga ziti zimene zimasandutsa kusintha dzina kukhala tchimo?
4. Kodi woyera amene ndi nkhoswe yanu mumadziwa mbiri yake?