Phunziro: Kodi Wofuna Kuleka Mowa Apite Kuti?

Kuwerenga: Agalatiya 6:1-5

Azimai anzanga, m'Cigwirizano cathu ndi ocepa amene alibe m'bale womangidwa ndi mowa. Kwa ena ndi bambo a kunyumba, kwa ena ndi mwana amene tinamuphunzitsa movutikira. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma kacasu sanacoke m'makomboni ndi m'midzi mwathu. Mwapemphera, mwabisa ndalama, mwakhuthula mabotolo. Iye analumbira kuti waleka, koma atangolandira malipiro anabwererako. Lero tiphunzire za thandizo lina limene ambiri sitilidziwa: misonkhano imene anthu olimbana ndi ucidakwa amathandizana okhaokha.

Gulu lodziwika kwambiri ndi Alcoholics Anonymous, mwacidule AA. Linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America. Bill Wilson anali atakhala miyezi ingapo osamwa, koma ali pa ulendo wa malonda m'hotela, cilakolako cinamugwiranso. M'malo molowa m'bala anaimbira foni abusa ena, kufunsa ngati akudziwa cidakwa cina coti alankhule naco. Umu ndi mmene anakumanirana ndi dokotala Bob Smith. Taonani kuti Bill sanafune womulalikira. Anafuna munthu wodziwa ludzu limenelo m'thupi mwake, amene sungamunamize, komanso amene sangakuseke.

Msonkhano wa AA umatenga pafupifupi ola limodzi. Anthu amachulana dzina loyamba lokha, ndipo zokambidwa sizituluka pakhomo. Palibe ndalama yolowera. Amangoyendetsa mbale kuti alipire cipinda ndi tiyi. Cofunika n'cakuti munthuyo akufuna kuleka kumwa, basi. Watsopano amasankha mnzake amene wakhala nthawi yaitali osamwa, woti azimuimbira foni cilakolako cikafika, ngakhale usiku. Salonjeza za caka camawa, amalimbana ndi tsiku la lero. Ilipo misonkhano yotseguka imene inu abale mungathe kukhala nao, ndi ina ya okhawo amene ali ndi vutoli. Ena a ife timakayika poganiza kuti ndi mpingo wina. Si mpingo, ndipo suchotsa munthu m'chalichi mwake. Mu 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane anasanthula kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000, napeza kuti njira ya AA imathandiza anthu kukhala osamwa mofanana ndi uphungu wina wa akatswiri, penanso kuposa.

Nanga mungaipeze bwanji? Misonkhano imeneyi silengezedwa ndi cimkuza mau, muyenera kufunsa. Yambani ku cipatala, ku cigawo ca matenda a maganizo. Ku Lusaka kuli Chainama Hills, kumene amalandira odwala ucidakwa. M'madera ena funsani anamwino kapena alangizi a pa kiliniki. Funsaninso abusa, ngakhalenso ansembe a mipingo ina, pakuti magulu awa amakonda kubwereka zipinda za machalichi. Pano tisacite manyazi kugogoda kwa anansi athu. Amene muli ndi foni ya intaneti, lembani "AA meetings" ndi dzina la tauni yanu. Kuyambira nthawi ya Covid-19 mu 2020 misonkhano yambiri imacitikanso pa Zoom, ngakhale yocuruka ili m'Cizungu. Mukapeza nambala imbani kaye, cifukwa masiku ndi malo amasintha, ndipo munthu amene wadzikakamiza kupita napeza citseko cotseka sabwererakonso msanga. Akapanda kukonda msonkhano woyamba, ayeseko kangapo asanaweruze.

Kumudzi kumene kulibe gulu lotere, anthu awiri kapena atatu angathe kuyamba, monga anayambira aja a ku Akron. Mpingo ungabwereke cipinda ndi mipando. Koma apa ndinene mosabisa: tikabwereketsa cipinda, ticoke. Tisaime pa zenera kuwerenga amene alowa, ndipo maina ao asafike kwa akulu a mpingo kapena m'mapemphero athu a Lacinai. Nkhani imodzi ikangomveka pa cigayo, gulu lonse latha.

Cenjezo lalikulu ndi ili. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asaleke mwadzidzidzi payekha. Angayambe kunjenjemera, kutuluka thukuta, kugwa ngati wakhunyu, ndipo pa tsiku laciwiri kapena lacitatu kuona zinthu zimene palibe. Ambiri timathamangira kunena kuti walodzedwa. Ndi thupi limene lazolowera mowa, ndipo vutoli lingathe kupha. Thamangirani naye ku cipatala. Msonkhano sulowa m'malo mwa dokotala.

Inunso amai amene mwasenza katunduyu zaka zambiri muli ndi gulu lanu. Al-Anon inayamba mu 1951, ndipo mmodzi wa oiyambitsa anali Lois, mkazi wa Bill Wilson. Ndi ya abale a zidakwa, ndipo mungapiteko ngakhale bambo akukana kuti ali ndi vuto. Ngati amene akumwa mobisa ndinu, dziwani kuti pa intaneti ilipo misonkhano ya azimai okhaokha, ndipo mungalowe osayatsa kamera.