Chisilamu Chili M'kamwa Mwathu

Anzanga, mawu amene amamveka kwambiri mu Msika wa Tsoka ndi akuti "ndalama". Wogulitsa kaunjika, wa tomato, ngakhale wolipiritsa pa timilatho tamatabwa ta pa mtsinje wa Lilongwe, onse amawatchula. Koma kodi mukudziwa kuti mawuwa anachokera ku Chiarabu? Gwero lake ndi dirham, ndalama yasiliva ya Aluya. Nawo mawu akuti "mzikiti" anachokera ku masjid, pomwe "sadaka" anachokera ku sadaqa, kutanthauza chopereka chothandizira osowa.

Ndalemba izi chifukwa ndimamva ena pasukulu pano akunena kuti mbiri ya Chisilamu ndi ya Asilamu okha. Ayi ndithu, ndi yathu tonse.

Chisilamu chinayambira ku Mecca. Mu 622 Mtumiki Muhammad anasamukira ku Medina, ndipo kalendala ya Asilamu imayambira chaka chimenecho. Kuno chinabwera ndi amalonda. Cha m'ma 1840, Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba. Ayao nawo ankachita malonda mpaka ku Kilwa, ndipo cha m'ma 1870 mfumu Makanjira inalowa Chisilamu.

Tisabise, malondawo sanali a nsalu ndi mikanda zokha. Ankagulanso minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo ambirimbiri anawolotsedwa nyanja pa zombo za Jumbe, osabwereranso kwawo. Mbali imeneyi ndi yowawa, koma pa mayeso a mbiri ndi pa moyo tiyenera kuidziwa yonse.

Tsopano tsegulani kope la masamu. Algebra imene imatitulutsa thukuta ija, dzina lake linachokera ku mawu akuti al-jabr, a m'buku limene katswiri Al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820. Manambala amene wamalonda wa mu Tsoka amalemba pa katoni anayambira ku India, koma anafika ku Ulaya kudzera mwa akatswiri achisilamu.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 14 mwa 100 alionse ndi Asilamu, ndipo Eid ul-Fitr ndi tsiku la tchuthi cha dziko lonse. Ndiye mnzanu wovala hijabu kapena wosala chakudya pa Ramadan si mlendo. M'malo momuseka, mufunseni. Paja kufunsa ndi kudziwa njira.