Anyani a ku Chembe

Mwana ali yense wa ku Midzemba adziwa nyani. Cimanga cikayamba kukhwima, anyamata atumidwa kumunda mamawa kukaingitsa anyani ndi apusi. Akhala pa nsanja tsiku lonse, napfuula, naponya miyala. Cifukwa cace kwa iwo nyani ndiye mbala, alibe dzina lina. Koma m'dziko lomwe lino muli malo ena kumene munthu saloledwa kupha nyani, ngakhale kumchera msampha. Ana ena a sukulu anamuka kumeneko ndi mphunzitsi wao m'nyengo ya cilimwe.

Anakwera galimoto tambala woyamba atalira. Anapita pa Zalewa, pa Balaka ndi pa Liwonde, nafika ku Mangochi, kumene kale kunachedwa Fort Johnston. Pamenepo mphunzitsi anawaonetsa mtsinje wa Shire, nati, "Ana inu, madzi awa angoturuka kumene m'nyanja. Ndiwo omwe adzapita pa Matope ndi pa Zalewa kwathu." Asanafike ku Monkey Bay anapatukira kumanzere, nalowa m'mapiri a miyala ikuru-ikuru. M'mbali mwa njira muli thanthwe lina lokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope ya nkhalamba. Dzina lace ndi Mwalawamphini. Potsika phiri anaona mudzi wa asodzi wa Chembe, ndi nyanja yomwe, iri mbee.

Ana ambiri anati cete, pakuti sanaonepo madzi otere ndi kale lonse. Zisumbu za Thumbi ndi Domwe zinali pafupi, koma kumpoto maso sanapeze tsidya.

Malo awa achedwanso Cape Maclear. Anawacha dzinali ndiye David Livingstone, amene anafika ku nyanjayi m'caka ca 1859. Ndipo Thomas Maclear anali bwenzi lace, munthu wodziwa za nyenyezi. M'caka ca 1875 kunafika amishoni a ku Scotland, mmodzi wa iwo ndiye Dotolo Robert Laws, ndi sitima yao yaing'ono yochedwa Ilala. Sitimayo siinathe kukwera mathithi a m'Shire. Motero anaiphwasula, ndipo amtengatenga mazana-mazana anasenza zitsulo zace pamutu kufikira kumtunda kwa mathithi, kumene anaimanganso. Koma malungo anawasautsa amishoniwo, ndi ena anamwalira. Ndipo m'caka ca 1881 anasamukira ku Bandawe. Manda ao alipo kufikira lero, patsinde pa phiri. Anawo anabvula zisoti, naimapo kanthawi.

M'caka ca 1980 Boma linapatula mapiri awa, ndi zisumbu, ndi madzi a m'mphepete mwace, kuti akhale malo osungiramo zamoyo, makamaka cifukwa ca tinsomba tokongola tochedwa mbuna. Timeneti tiripo mitundu mazana ambiri, ndipo sitipezeka m'nyanja yina iri yonse pa dziko lapansi. Lamulo lomwe licinjiriza nsombazo licinjirizanso mitengo, mbalame, ndi anyani.

Ali pamanda paja anamva, "Hoo! Hoo!" Taonani, gulu la anyani lirikutsika pathanthwe. Kwao nyani akaona munthu athawa. Koma awa anadza osafulumira, nakhala pansi ngati eni mudzi. Pamenepo ana anayamba kuona zimene sanazione konse kumunda, pakuti wopirikitsa nyama sapeza nthawi ya kuipenyetsetsa. Nyani wina analikupenda ubweya wa mnzace ndi zala, nacotsamo nkhupakupa ndi zitsotso, monga mai apesa mwana wace. Kamwana kakhanda kanakangamira kumimba kwa amace. Kena kokulirapo kanakwera pamsana. Wina anagubuduza mwala, natola tizirombo tinali pansi pace, nadya. Zala zao nzisanu, ndi zikhadabo zace zonga zathu.

M'mitengo munalinso apusi, a nkhope zakuda ndi micira yaitali. Mlonda wa nyama amene anawatsogolera anawauza kuti pusi ali nako kulira kwa mitundu-mitundu. Akaona nyalugwe alira mwina, ndipo anzace akwera mumtengo. Akaona ciombankhanga alira mwina, ndipo abisala m'zitsamba. Akaona njoka aliranso mwina, ndipo onse aimirira ndi miyendo iwiri, nayang'ana m'maudzu.

Dzuwa liri pamutu, anakhala pamthunzi kuti adye kamba wao. Mlonda anali atawauziratu kuti, "Musawapatse kanthu, ngakhale khoko la nthoci." Koma mnyamata wina anaona kanyani kakang'ono kalikumyang'ana ndi maso acisoni, ndipo anakaponyera cidutswa ca cinangwa mobisa. Pomwepo cinyani cacimuna cinalumpha, cinakankha kamwana kaja, ndi kutola cinangwaco. Sicinabwerere iai. Cinalunjika kwa mtsikana wamng'ono amene anafumbata mpango wa mbatata zace, ndi kuyasamula, mano ace oposa a garu ali poyera. Mtsikanayo anakuwa, nagwiritsa mpango wace.

"Taya, mwanawe, taya! Usathawe!" anatero mlonda. Mtsikana anataya, ndipo nyani anatenga mpango, nakwera nao pathanthwe.

Mlondayo sanakalipe. Anaitana mnyamata uja, namfunsa, "Kodi kwanu nyani amayandikira munthu cotere?" Iye anati, "Iai, bambo, amationera patali." Ndipo mlonda anati, "Awanso kale ankatero. Anawaphunzitsa cipongwe ndiwo alendo, mmodzi nthoci, wina buledi. Nyani akalawa cakudya ca munthu aleka kufuna cace m'thengo. Ayamba kupempha, pambuyo pace alanda, potsiriza aluma. Ndipo bala la mano ace licedwa kupola. Tsono nyani woluma anthu sitingathe kumsiya wamoyo. Amene uja ndimdziwa. Akapitiriza cotere sakhalitsa."

Mnyamata anazyolika. Pambuyo pace ananyema cinangwa cace cotsala, napatsa mtsikana uja mbali yaikuru.

Madzulo anapita ku Otter Point, kumene madzi ali oyera kotero kuti munthu aona miyala ya pansi. Anaona mbuna zobiriwira, zacikasu ndi zamizere-mizere zirikudya ndere pamiyala. Ana ena anabviika mapazi, koma mphunzitsi anawaletsa kusamba kufupi ndi bango, cifukwa ca nkhono zimene zifalitsa likodzo.

Pobwerera ku galimoto anatola makoko onse ndi mapepala, osasiya kanthu pansi. Anyani anali atayamba kukwera kumatanthwe atali kumene agona usiku, kuopa nyalugwe. Mpango wa mtsikana uja unaoneka uli lende pa nthambi ya mkuyu, pamwamba penipeni, pamene panalibe mwana wakutha kukwerapo.