Tirigu Wobisika M'chakudya: Uthenga kwa Mabanja a ku Kabwe

Buledi wa m'mawa, masikono ndi vitumbuwa vya pamsika zimachokera ku tirigu, mbewu yomwe amalima mothirira ku Mkushi ndi ku Chisamba. Anthu ambiri amadya popanda vuto. Koma pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse padziko lapansi ali ndi matenda a coeliac: akadya gluten, puloteni ya mu tirigu, balere ndi rye, thupi limawononga matumbo ake omwe.

Zizindikiro zake

Kutsekula m'mimba kosatherapo, mimba kufufuma, kuchepa magazi, kuonda, ndiponso mwana kupinimbira ngakhale akudya bwino.

Kachipangizo kofufuza gluten

Wodwala coeliac ayenera kupewa gluten, ndipo malamulo a zakudya a padziko lonse a Codex Alimentarius amati chakudya chotchedwa chopanda gluten chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu. Diso silingaone zimenezo, lilime silingamve. N'chifukwa chake asayansi akupanga tizipangizo totchedwa biosensor, tofanana ndi kamakina koyezera shuga m'magazi komwe odwala shuga amakadziwa bwino. Chakudya amachisungunula, n'kudontheza pakapepala kokhala ndi timizere ta magetsi. Pamenepo pali tinthu togwira gluten yokha basi. Ikagwidwa, mphamvu ya magetsi imasintha, ndipo kamakina kamaonetsa nambala.

Zambiri mwa zipangizozi zikadali m'manja mwa ofufuza, ndipo zakumwa monga mowa wa balere n'zovuta kuyeza chifukwa gluten imakhala itaphwanyikaphwanyika. Pakadali pano chitetezo chili kukhitchini.

Zomwe banja lingachite

Nsima ya chimanga, chinangwa, mapira kapena mawere ilibe gluten. Mpunga, mbatata, nyemba, mtedza, kapenta ndi ndiwo zamasamba n'chimodzimodzi. Ngozi imabwera zinthu zikasakanikirana: mafuta okazingira vitumbuwa akakazingiranso mbatata, sefa ndi mthiko zikagwira ufa wa mitundu iwiri, kapena mahewu akathiridwa ufa wa tirigu kuti asase msanga. Soseji ndi supu wa m'mapaketi nazonso nthawi zina zimakhala ndi tirigu, choncho wogula aziwerenga zolembedwa papaketi.

Makolo oona zizindikiro za coeliac apite ndi mwana kuchipatala chapafupi kapena ku Kabwe Central Hospital, poti njoka zam'mimba ndi matenda ena zimaonekanso motero. Asamusiyitse tirigu asanaonane ndi dokotala, chifukwa munthu akasiyiratu kudya gluten, kuyeza magazi kungalephere kuonetsa matendawa.