Phunziro 9: Chibaba cha shuga ndi kudya mosadziletsa m'sukulu za m'mapulazi

Nthawi: maola awiri. Zofunika: kope, pensulo, supuni yaing'ono ya tiyi ndi botolo kapena chitini chopanda kanthu cha chakumwa chotsekemera, cholembedwa zomwe zili m'kati.

Phunziro lino likukhudza ana a m'kalasi mwanu, makolo awo, mwinanso inu nomwe. Mukalimaliza muzitha kusiyanitsa kudya kwa munthu wanjala ndi kudya kwa munthu amene walephera kudziletsa, kuwerengera shuga amene banja likudya, ndiponso kudziwa poyambira pomuthandiza munthu wotere popanda kumuchititsa manyazi.

Tiyambe ndi zomwe mwaziona kale

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinkaphunzitsa sukulu ya kwacha pa pulazi ina ya fodya kufupi ndi Mvurwi. Tsiku lina mayi wina wa m'kalasimo anatsalira anzake atapita. Anandiuza motsitsa mawu kuti mwana wake wamkazi wa zaka 12 ndi wakuba. Waba chiyani? Shuga. Paketi ikagulidwa tsiku la malipiro, mwanayo ankadzuka usiku n'kumabwira mpaka kudwala m'mimba, m'mawa n'kumalira yekha kuseri kwa nyumba. Anamukwapula, anamubisira shuga m'sutikesi, koma sizinathandize. Ine panthawiyo ndinalibe nzeru ina koma kunena kuti, "Mulangizeni bwinobwino, mayi." Lero ndikakumbukira ndimaona kuti funso loyamba ndinaliphonya. Ndikanafunsa kuti mwanayo amadya kangati pa tsiku m'sabata yomaliza ya mwezi.

Imani kaye pamenepa. Lembani m'kope lanu mawu amene anthu a kwanuko amatchulira mwana wotere. Ndikhulupirira mwalemba wosusuka, wadyera, kapena mawu a Chishona ofanana nawo. Onani kuti onsewo ndi mawu oweruza khalidwe. Palibe ngakhale amodzi ofunsa chifukwa.

Phoso, sitolo ndi tsiku la malipiro

Mabanja ambiri a m'makomboni a ku Mazowe, Bindura, Banket, Karoi ndi Marondera ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia. Ena anabwera wapansi paokha, ena anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito lomwe boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa mu 1946. Pa pulazi wantchito ankalandira phoso: ufa, nyemba, mchere, mwa apo ndi apo nyama. Zokometsa pakamwa monga shuga, tiyi ndi buledi zinkachokera ku sitolo ya pa pulazi pomwepo, kawirikawiri pa ngongole yodula ku malipiro. Choncho mwezi unali ndi nkhope ziwiri. Masiku oyamba tiyi wa masupuni anayi, masiku otsiriza nsima kamodzi pa tsiku ndi masamba opanda mafuta.

Kuyambira mu 2000, pamene mapulazi ambiri anagawidwa, antchito ochuluka anachotsedwa ntchito n'kuyamba kudalira ganyu, amene kuno timati maricho. Mu 2008 ndalama inatha mphamvu, mashelefu a m'masitolo anakhala opanda kanthu. Onjezanipo chilala cha 1992, cha 2016 ndi cha 2024. Kholo la mwana amene mukumuphunzitsa lero linakula likudziwa kuti chakudya chikapezeka umadya msanga, chifukwa mawa sichidziwika. Limenelo si dyera ayi. Ndi nzeru imene inapulumutsa anthu, koma imene thupi silifulumira kuiiwala ngakhale zinthu zitasintha.

Zomwe njala imasiya m'thupi

Pali kafukufuku wina wakale amene ndimafuna mphunzitsi aliyense amudziwe. Mu 1944 ndi 1945, pa yunivesite ya Minnesota ku America, Ancel Keys ndi anzake anatenga amuna 36 athanzi, odzipereka okha, n'kuwachepetsera chakudya ndi pafupifupi theka kwa masabata 24. Amunawa anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Zimenezo n'zosadabwitsa. Chodabwitsa chinali maganizo awo. Anayamba kulankhula za chakudya tsiku lonse, kuchilota, ena mpaka kusonkhanitsa mabuku ophikira. Anakhala okwiya msanga ndi osafuna kucheza. Atawalola kudyanso mwaufulu, ena ankadya mopitirira kukhuta mpaka kudwala, ndipo ena zinawatengera miyezi kuti kadyedwe kawo kabwerere mwakale.

Anthuwa sanali osusuka chibadwire. Njala ndiyo inawapanga choncho. Mfundo imeneyi muigwiritsitse, chifukwa phunziro lonseli laima pa iyo: kumanidwa chakudya, kaya ndi umphawi kaya ndi kudzimana dala pofuna kuchepa thupi, ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zobweretsa kudya mosadziletsa.

Nanga bwanji shuga makamaka? Munthu akakhala maola ambiri osadya, m'mimba mumatuluka timadzi totchedwa ghrelin timene timauza ubongo kuti kuli njala, ndipo thupi limafuna chinthu chopatsa mphamvu msanga. Shuga ndi buledi woyera zimalowa m'magazi mofulumira kuposa nyemba. Munthu amamva bwino kwa kanthawi, koma popeza mulibe zomanga thupi zokwanira kapena gaga wokwanira wosunga mimba, njala imabwereranso posachedwa. Ubongo nawo umaphunzira kuti chotsekemera chimatonthoza, ndiye ukatopa kapena ukada nkhawa umachiitanitsa. Kusagona mokwanira kumawonjezera chilakolako chomwechi. Amene munakhalapo pa pulazi nyengo yowotcha fodya mukudziwa kuti osonkhezera moto m'mabani usiku amadalira tiyi wa shuga wambiri. Akatswiri amatsutsanabe ngati n'koyenera kuyerekeza shuga ndi fodya kapena mowa. Ine mawu akuti chibaba ndimawagwiritsa ntchito chifukwa ndi amene anthu amamva, osati kuti shuga ndi mankhwala ozunguza bongo.

Kodi kudya kwambiri kumasanduka vuto liti?

Kukhuta kwambiri pa ukwati, pa Khirisimasi kapena pa Idi si matenda. Mwana amene wagona ndi njala n'kumaliza mbale ziwiri za phala nayenso sakudwala. Ali ndi njala basi. Vuto limene madokotala amati binge eating disorder linalembedwa ngati matenda paokha m'buku la madokotala a zamaganizo a ku America, DSM-5, mu 2013. Munthu amadya chakudya chochuluka kwambiri m'kanthawi kochepa, akumva kuti sangathe kuleka. Amadya mothamanga, nthawi zina alibe n'komwe njala, mpaka m'mimba kuwawa. Amadya mobisa chifukwa cha manyazi, ndipo akamaliza amadzida. Bukulo limati zimenezi zikhale zikuchitika kamodzi pa sabata kapena kuposa, kwa miyezi itatu.

Inu si dokotala, ndipo sindikukupemphani kuti muzitchula ana mayina a matenda. Chimene muyang'ane ndi zinthu ziwiri: kulephera kuleka, ndi manyazi obwera pambuyo. Kukula kwa thupi sikukuuzani kanthu. Woonda angathe kukhala ndi vutoli, wonenepa n'kukhala wopanda.

Ntchito 1: Tiwerengere shuga

Mu 2015 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa, kuphatikizapo uchi ndi juwisi, asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewo ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni aang'ono 12. Linanenanso kuti kutsika mpaka masupuni 6 n'kwabwino koposa. Shuga wa m'chipatso chodya chathunthu ndi wa mumkaka sawerengedwa pamenepa. Supuni yaing'ono imodzi yosadzaza mosefukira ndi magalamu pafupifupi 4.

(a) Bambo wina amamwa makapu 4 a tiyi pa tsiku, kapu iliyonse masupuni 3. Wadya magalamu angati?
(b) Banja la anthu 5 lamaliza paketi ya makilogalamu 2 m'masiku 7. Munthu mmodzi wadya magalamu angati pa tsiku?
(c) Werengani pa botolo lanu lija magalamu a shuga pa mamililita 100, muwerengere botolo lonse, kenako mugawe ndi 4.

Yankho la (a) ndi magalamu 48. Bamboyu wafika pa malire ndi tiyi yekha. La (b) ndi magalamu pafupifupi 57, ndipo ana, amene malire awo ndi otsikirapo, ali m'gulu lomwelo. Pa (c) zakumwa zambiri za mtundu wa kola zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 pa mamililita 100, ndiye botolo la mamililita 300 lili ndi masupuni 7 kapena 8. Boma la South Africa linaika msonkho pa zakumwa zotere mu 2018, la Zimbabwe mu 2024. Samu zimenezi ana a Giredi 6 angazithe, ndipo akathira masupuni 8 a mchenga m'botolo lopanda kanthu saiwala.

Chenjezo limodzi. Musatuluke m'kalasi mutauza ana kuti shuga ndi poizoni. Kwa banja losauka tiyi wa shuga mwina ndiye kadzutsa yekhayo, ndipo ndi ulemu umene amalandirira nawo mlendo. Mukawalanda osawapatsa china m'malo mwake mwangowonjezera njala, ndipo taona kale zimene njala imabala.

Poyambira pothandiza

Anthu ambiri akadya mopitirira usiku amalumbira kuti mawa sadya kanthu mpaka madzulo. Kumeneko ndiko kutchera msampha womwewo kachiwiri. Christopher Fairburn wa ku Oxford, amene buku lake lothandiza anthu a vutoli linatuluka koyamba mu 1995, amayamba ndi chinthu chooneka chopepuka: kudya pa nthawi yake. Katatu pa tsiku, ndi kanthu kakang'ono kawiri kapena katatu pakati, osalola maola oposa anayi kudutsa uli maso osadya. Ngakhale utalephera dzulo, m'mawa udye kadzutsa monga mwa masiku onse.

Ndikudziwa chimene mukunena mumtima: "Katatu pa tsiku pa komboni? Chichokera kuti?" Funso lake ndi loona, ndipo sindilizemba. Pamene chakudya palibe, vuto ndi njala, ndipo ntchito yanu ndi kukankha komiti ya sukulu ndi a zachisamaliro cha anthu kuti phala lifike. Koma m'mabanja ambiri chakudya chilipo ndithu, kungoti chimathera kumayambiriro kwa mwezi. Pamenepa njira ya REFLECT imene ena mwa inu munaiphunzira imagwira bwino. Jambulani pansi mabokosi anayi, bokosi lililonse sabata imodzi. Makolo aike miyala yosonyeza kuti amadya kangati pa tsiku m'sabata imeneyo, ndi zitsekerero za mabotolo zosonyeza shuga ndi zakumwa. Musanene kanthu. Akaona okha zitsekerero zitaunjikana m'bokosi loyamba, lomaliza lili mbee, nkhani imayamba yokha. Pa gulu lina amayi anagwirizana zogawa paketi m'zitini zinayi tsiku lomwe yagulidwa, ndi kugula mtedza ndi nyemba asanagule china chilichonse.

Kanthu kapakati sikafuna sitolo. Chimanga chokazinga, mtedza, mbatata yophika dzulo, dzungu, thobwa losathira shuga wambiri, masuku ndi masawu pa nyengo yake. Kwa tiyi, chotsani theka la supuni, mukhale choncho masabata awiri, kenako theka linanso. Lilime limazolowera.

Chibaba chikafika, dziwani kuti chimakwera kenako n'kutsika chokha ngati munthu sanachitsatire. Amene ali nacho achoke pamene pali chakudyacho, apite kukatunga madzi, akacheze kwa mnzake, achite chinthu chogwiritsa manja. Wamkulu wodziwa kulemba asunge kope: nthawi, chimene wadya, ndi chimene chinali mumtima. Pakatha sabata amaona yekha kuti vuto limabwera Lachisanu atakangana ndi kapitawo, kapena tsiku limene sanadye nkhomaliro. Inunso, mphunzitsi wokhala nokha m'kanyumba ka pa sukulu, kutali ndi banja, amene mumamaliza buledi yense ndi botolo la Mazoe usiku wa malipiro, kope limeneli ndi lanu.

Polankhula ndi mwana, mutengereni pambali. Musayambe ndi shuga. Mufunseni kuti, "Mwanawe, dzulo unadya chiyani, nthawi yanji?" Kwa kholo nenani kuti, "Mayi, mwanayu si wakuba, tiyeni tione limodzi m'mene akudyera." Kukwapula, kumuseka pagulu ndi kumumana nsima ngati chilango zimakulitsa manyazi ndi njala, zomwe ndi nkhuni za vuto lomweli.

Pali nthawi zosazengereza. Mwana kapena wamkulu amene amadzisanzitsa dala akadya, kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba kuti asanenepe, apite ku chipatala. Amene akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi, akuonda pamene akudya kwambiri, akayezetse matenda a shuga sabata yomweyo. Amene ali kale pa mankhwala a shuga asasinthe kadyedwe asanafunse anamwino. Ndipo ngati pansi pa zonsezi pali chisoni kapena kuganiza kwambiri, kumene a Chishona amati kufungisisa, funsani ku kiliniki ngati kuli Friendship Bench, ntchito imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu Harare, yomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi n'kumvetsera mavuto a munthu.

Ntchito yotumiza

Chitani kalendala ya miyala ija ndi makolo osachepera 6. Lembani tsamba limodzi ndi theka: zimene munaona m'bokosi loyamba ndi lomaliza, zimene makolo ananena okha, ndi chinthu chimodzi chimene anagwirizana kuyesa. Musalembe dzina la kholo, la mwana kapena la pulazi. Pakatha mwezi bwererani kwa iwo, muwonjezere ndime imodzi yonena zimene zinatheka ndi zimene zinakanika, kenako mutumize zonse pamodzi kwa mlangizi wanu.